Chaka Chimene Ndinamana Makapisozi

Kudenga la nyumba ya agogo anga, pamwamba penipeni pa chitseko, panali malo amene tinkatsomekapo zinthu zoopa kutayika: singano, lumo, kapepala ka ubatizo wanga, ndi makhadi a chipani okulungidwa m'kapulasitiki, popeza masiku amenewo munthu sankalowa mumsika wopanda khadi. M'nyengo yachisanu ya chaka china, pamalo omwewo panatsomekedwanso kaenvelopu kakhaki, ndipo ndikakumbuka nyengo imeneyo, choyamba kubwera m'maso mwanga ndi kameneko, ngodya yake itasuzumira pakati pa udzu wakuda ndi mwaye. M'kati mwake munali makapisozi, ofiira mbali imodzi, akuda mbali inayo, osalala ngati nyemba zoviikidwa. Ukagwedeza kaenvelopuko ankalira pang'ono, ndipo ine ndinazolowera kudziwa kuti atsala angati pongomva kaliridwe kake.

Mudzi wathu unali kumapiri, cha kumtunda, panjira yolowera ku Dambe. Nthawi imeneyo Neno inali isanakhale boma payokha, nkhani zonse zikuluzikulu tinkayang'ana ku Mwanza. Chisanu cha kwathu chimabwera ndi nkhungu yomwe imagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera, ndipo chimabwera pamodzi ndi manachesi. Mitengo ya kuseri kwa nyumba inkalemera mpaka nthambi kufuna mphanda zochirikiza, mudzi wonse n'kumanunkhira makoko. Fungo lake linkakanirira m'zala ndi m'malaya, ngakhale m'makope a kusukulu. Ana tinkafinyirana madzi a makokowo m'maso, wolira n'kumasekedwa, ndipo madzulo kusanade tinkasewera fulaye pabwalo la tchalitchi, mapazi atachita ming'alu ndi kuzizira. Ine ndinali ndi zaka khumi, ndili sitandade 3, mwana wosalankhulalankhula amene akuluakulu ankaiwala kuti ali pomwepo, n'kumakamba zawo momasuka.

Mayi anga anamwalira ndili ndi miyezi inayi, bambo anali atapita kale kumigodi ya ku Joni ndipo sanabwerenso. Amene anandiyamwitsa ndi aNambewe, oyandikana nafe nyumba, omwe panthawiyo anali ndi khanda lawolawo, Esinati. Bere limodzi linali lake, lina langa, ndipo nkhani imeneyi ndinakula ndikuimva kwa aliyense. Agogo anga, aNachisale, sanali munthu wofatsa. Kuseka kwawo kunkamveka kutsidya la mtsinje, ankakangana ndi ogula manachesi mpaka ogulawo kutopa, ndipo chimene ankanyadira kuposa zonse n'chakuti palibe munthu anabwererapo pakhomo pawo chimanjamanja. Wopempha mchere ankapita ndi mchere ndi tomato. Mawu awo anali akuti kupatsa n'kuika, ndipo sanali awo okha, mudzi wonse unkakhalira pamawu amenewo. Moto, mchere, mbewu, chikho cha ufa, mtondo, zonsezi zinkayenda nyumba ndi nyumba. Munthu ankatha kukhala waulesi kapena woledzera anthu n'kumupirira, koma dzina loti womana linali loipitsitsa, ndipo likakumatirira silinkachoka msanga.

Bala linayamba ngati kanthu kachabe. Agogo ankalima kudimba kuti adzale kachewere, khasu linagunda mwala n'kuwatema pamsongolo. Anafinyirapo masamba a chisoso, anamangapo kansanza, n'kupitiriza kulima. Patapita masiku anayi mwendo unatupa n'kuyamba kunyezimira ngati biringanya, ukaukhudza unkatentha, ndipo m'mphechepeche munatuluka mwanabere. Tinanyamuka m'mamawa nkhungu isanachoke, iwo ndi ndodo, ine ndi kamtolo ka mbatata yophika, ndipo kuchipatala chaching'ono chimene chinali pafupi nafe tinafika dzuwa lili paliwombo. Amene ankaona odwala kumeneko anali bambo wamtali wochokera kumpoto, yemwe tonse tinkangomutchula kuti adokotala. Anatsuka balalo ndi mankhwala onunkha mwaukali, agogo akuwatukwana moseka, kenaka anawafunsa ngati anatupapo nkhope kapena kutuluka zidzolo atamwa kapena kubayidwa penisilini. Agogo anati chiyambire sanabayidwepo kanthu kupatula minga. Atamva kuti iwo sawerenga, adokotalawo anatembenukira kwa ine, anajambula kadzuwa kanayi pakaenvelopu, kakutuluka, kapamutu, kopendeka ndi kolowa, n'kunena pang'onopang'ono m'Chichewa chawo chokoka: “Mmodzi mmodzi, kanayi patsiku, asanadye, masiku asanu ndi awiri. Ngakhale bala liume, ngakhale ayambe kuvina, onse athe. Ndipo ndi a agogo akowa okha.”

Masiku atatu oyamba zonse zinayenda monga anajambulira. Ndinkakwera pampando, kutsomola kaenvelopu, kuwapatsa agogo kapisozi ndi madzi a m'chikho, ndipo mwendo unaphwa mooneka. Khungu linachita makwinya pomwe panali potupa, agogo anayambiranso kuseka, ndipo anthu anayamba kubwera kudzawazonda. Kwathu kuzonda wodwala si kungosuzumira. Munthu amabwera ndi kambale ka ufa kapena mazira awiri, amakhala pamphasa, amafunsa za matendawo kuyambira pomwe anayambira, kenaka nayenso amafotokoza zake. Aliyense anali ndi pomupweteka, ndipo aliyense anali atamva kuti m'nyumbamo muli makapisozi a kuchipatala, mankhwala amene anthu ankawakhulupirira kuti amachiza chilichonse. ALufeyo, amuna awo a aNambewe, anali ndi chifuwa, anapatsidwa awiri. Mayi wina anatenga mmodzi woti akamutsegule n'kuwaza ufa wake pachilonda cha mwana. Wina anapempha atatu oti akasungunule m'madzi a nkhuku, poti kumudzi kwawo kunagwa chitopa. Agogo ankangondiuza kuti tsomola, ine n'kutsomola. Tsiku lachinayi iwo eni anakana kumwa, amvekere mankhwala ndi a odwala, ine ndachira, otsalawo asungike adzathandize tsiku lina. Ndinkakumbuka bwinobwino mawu a adokotala, koma mwana sawongolera wamkulu pamaso pa alendo, ndiponso sindinkaona kuti mawu a mlendo wakumpoto angapose bwanji mwambo wa mudzi wonse. Ndinangoyang'ana, monga ndinazolowerera.

Chinthu china chinachitika sabata imeneyo chimene anthu sanachigwirizanitse ndi kaenvelopu kaja. ALufeyo atameza kapisozi woyamba pakhonde pathu pomwepo, anapita kukakonza khola la mbuzi, ndipo pasanapite nthawi anabwerako akudzikanda thupi lonse. Milomo yawo inatupa ngati alumidwa ndi mavu, m'khosi ndi m'manja munatuluka zidzolo zazikulu zofiira. Ena anati akhudza chitedze, ena anati ndi nyama ya nguluwe imene anadya dzulo lake, ndipo azimayi ena ananong'onezana dzina la munthu amene anakangana nawo za malire a munda. Patatha masiku awiri zinaphwa zokha, nkhani n'kuiwalika. Ine ndinali nditaona kuti anayamba kudzikanda atangomwa, komanso kuti wachiwiri uja sanamwe chifukwa anamugwetsa m'khola, koma panalibe amene anandifunsa.

Mwendo wa agogo unabwerera patapita sabata, ndipo unabwerera ndi ukali. Bala linatseguka n'kuyamba kutulutsa mafinya onunkha, kufiira kunakwera kudutsa bondo, thupi linatentha mpaka agogo kumanjenjemera atafunda mabulangete awiri masana. Makapisozi atatu amene anatsala tinawapatsa, koma sanasinthe kanthu. Chimene chinandiopsa si fungo kapena kutupako, koma kuti agogo anasiya kulankhula. Manachesi ankagwa okha kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumajompha, popanda wokalipa. M'mawa wina ndili kuchitsime, nditawerama kutsuka ndowa, azimayi awiri ankakamba pambali panga ngati kuti ine ndi mwala. Wina anati, “Nanga zikavuta, kamwanaka katani?” Mnzakeyo anayankha, “Si ali ndi amalume ake ku Blantyre? Akusowa wolera ana, akatenga.” Amalume amenewo ndinawaonapo kamodzi kokha, pamaliro, ndipo sanandifunse dzina. Ndinasenza madzi anga n'kubwerera, ndipo panjira ndinamvetsa bwino kuti m'dziko lonse ndinali ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali atagona pamphasa ndi mwendo wowola.

Ulendo wachiwiri agogo anapita pamachira a nsungwi ndi bulangete, atanyamulidwa ndi amuna anayi osinthana, aLufeyo ali m'gulumo. Adokotala atamasula nsanza sanakalipe. Anayang'ana mwendowo nthawi yaitali, kenaka anandiitana n'kundifunsa kuti agogo anamwa angati. Ndinati khumi ndi awiri, ndi atatu pambuyo pake. Anafunsa kuti ena anapita kuti, ndipo poti aka kanali koyamba kuti wamkulu andifunse zimene ndinaona, ndinanena zonse, za nkhuku, za chilonda cha mwana, ndi za milomo ya aLufeyo. Atamva za milomoyo anadzuka n'kukawaitana aLufeyo panja, n'kuwauza pamaso pa anzawo kuti thupi lawo limadana ndi mankhwala a mtundu umenewo, kuti anachita mwayi, ndipo kuti ulendo wina akhoza kutupa kukhosi mpaka kulephera kupuma. Kulikonse kumene angapite kuchipatala azinena asanalandire kanthu. Kwa ife anafotokoza kuti tizilombo ta m'bala tili ngati kapinga m'munda: ukangopala pamwamba munda umaoneka woyera, koma mizu yotsala imaphukanso, ndipo yophukanso imavuta kuzula kuposa yoyamba. Anatumbula potupa, anawagoneka agogo masiku asanu akuwabaya jakisoni m'mawa ndi madzulo, ine ndikugona ndi azimayi odikirira odwala m'kanyumba kophikira. Tsiku lotuluka anatipatsa mankhwala ena, a mtundu wina, a masiku khumi. Ananena mosabisa kuti akalephera amenewa, kotsala ndi kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko mwina akadula mwendo. Kaenvelopu katsopanoko sanawapatse agogo. Anakaika m'manja mwanga n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

Titafika kumudzi sindinakatsomeke kudenga. Ndinakakulunga m'kansalu n'kukamanga m'chiuno, m'kati mwa diresi, monga azimayi amamangira zinthu zawo akamapita kumsika. Ndinkagona nako, ndinkapita nako kuchitsime, ndipo kusukulu ndinasiya kaye kuti nthawi ya masana isandiphonye. Nthawi ndinkaidziwira pa tambala, pa chithunzithunzi cha nkhokwe chikabisala pansi pake, pa belu la ana oweruka, ndi pa nkhuku zikamalowa. Ozonda anabweranso ndi mbale zawo za ufa, ndipo anapemphanso. Agogo, omwe mphamvu zinali zitayamba kubwerera kukamwa, ankawauza moseka kuti afunse mwanayo, ndi amene wapatsidwa udokotala. Wamkulu kupempha kanthu kwa mwana n'zochititsa manyazi, choncho ambiri ankangoseka n'kusiya. Masiku anayi anapita motero, ine n'kumaganiza kuti zatheka.

Tsiku lachisanu masana kunabwera aNambewe. Sanakhale pamphasa, anaima pakhonde atapinda manja. Esinati, mnzanga amene ndinayamwa naye, anali atagona masiku awiri, thupi likutentha, akusanza. ANambewe sanachite manyazi kundipempha, popeza kwa iwo ndinali mwana wawo. Anati, “Iwe, tandipatsa awiri okha, m'bale wako sakudzuka.” Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndi a agogo okha, Esinati apite kuchipatala akamuone. Anaseka pang'ono, osakhulupirira. “Kodi ukulankhula ndi ine? Bere langa lija ndinati ndi la Esinati yekha? Ukanakhala kuti lero?” Agogo ali m'nyumba anakuwa, “Mpatse mayi wako, iwe! Ukufuna kundichititsa manyazi pakhomo panga?” Ndinagwira pamimba pomwe panali kansalu, n'kupukusa mutu. Agogo anatenga ndodo n'kuiponya, inagunda chitseko. ANambewe anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, anati, “Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ankatero. Eti ndinalera womana,” n'kutembenuka. Ndinapita kukakhala kuseri kwa nkhokwe, pomwe manachesi ogwa ankawola ndi fungo lowawasa, ndipo sindinalire. Ndinangodikira belu la kusukulu. Litalira ndinalowa m'nyumba ndi madzi m'chikho. Agogo anayang'ana kukhoma nthawi yaitali, kenaka anatambasula dzanja osandiyang'ana, n'kumeza.

M'mawa mwake aLufeyo, amene sanaiwale zimene anauzidwa za khosi lawo, anabwereka njinga n'kumutengera Esinati kuchipatala. Anamupeza ndi malungo, matenda amene mankhwala a agogo sakanawachiza, ndipo anapatsidwa akeake n'kuchira. Izi sizinandithandize m'mudzi. Anthu sanakambe za malungo, anakamba za mwana wamasiye amene anakana mayi womuyamwitsa. Pabwalo la fulaye atsikana ankasankhana ine n'kutsala, ndikamadutsa ankati Womana akubwera, bisani mbatata zanu. Esinati yemwe anandizemba kwa kanthawi. ANambewe, omwe kale ankandiitana akapsereza chinangwa kapena akakazinga chimanga, sanandiitanenso mpaka mvula inagwa. Ine ndinapitiriza kuwerenga tambala ndi nkhuku mpaka tsiku lakhumi, pamene kansalu kanatsala kopanda kanthu. Bala linauma kuchokera m'mbali, linasiya chipsera chachikulu choyererako, ndipo agogo anatsimphina moyo wawo wonse, koma mwendo unali wawo, ndipo anakhala ndi moyo mpaka kunyamula mwana wanga woyamba. Sananenepo kuti ndinachita bwino. Kwa anthu ankati kamwanaka n'kouma mtima, kanatengera kwa bambo ake. Komabe kuyambira chaka chimenecho, akalandira mankhwala alionse kuchipatala, ankafika nawo kunyumba n'kuwaponya pamiyendo panga.

Zaka zapita, nyumba ija inagwa, ndipo manachesi a kuseri kwake anakalamba n'kudulidwa. Zipatala zayandikira, njira imene tinkayenda theka la tsiku anthu amaidutsa panjinga yamoto, koma mtima wogawana mankhwala sunathe. Ndimaonabe anthu akusiya kumwa akangopeza bwino, akusungira otsala m'kabati, akugawira mnansi amene sanaonedwe ndi dokotala, ndipo sindiwaona ngati opusa, chifukwa ndikudziwa kumene zimachokera. Mwambo womwewo ndi umene unandisunga ndili khanda lopanda mayi. Anthu a kwathu sanalakwe pokhulupirira kuti chimene uli nacho ndi cha mnzako yemwe, kungoti kunabwera chinthu chatsopano chimene chimathandiza chikakhala chathunthu, chimene ukachigawa suthandiza wopatsidwa, ndipo wodwalayo umamusiya panjira. Mchere wogawana umakomabe ndiwo nyumba zonse ziwiri, koma makapisozi ogawana anatsala pang'ono kudula mwendo wa agogo ndi kutseka khosi la aLufeyo. Zimenezi ndinazimvetsa nditakula. Ndili ndi zaka khumi sindinkadziwa zambiri chotero, ndinkangoopa kupita ku Blantyre.

ANambewe sitinakambiranepo za tsiku lija. Anayambiranso kundiitana pang'onopang'ono, ndipo pachinkhoswe changa ndi amene anakhala pamalo a mayi. Dzina lija lokha sanalisiye, analisandutsa loseka. Ulendo wanga womaliza kuwaona anali atakalamba kwambiri, maso atachita khungu pang'ono, akumwa mankhwala a chibayo amene anawalembera kuchipatala. Tili pakhonde kusenda manachesi a mtengo wa Esinati, kunabwera mayi wina wa m'mudzimo, anakhala pamphasa, anafunsa za matenda, kenaka anayamba kufotokoza za chifuwa cha mwamuna wake, n'kumaliza ndi kupempha awiri okha. ANambewe anasisita m'chiuno mwawo, pomwe ndinaona kuti pali kansalu komangidwa mfundo, anandiloza ndi mlomo, n'kunena kuti, “Wosunga ndi uyu. Tamupemphani, muone ngati akupatseni.”